Sipika Imene Atate Anasankha

Nyampande, Petauke

Wokondedwa mlongo wanga Wilbroad,

Uli bwanji ku Kitwe kumeneko, pamodzi ndi alamu anga a Cynthia ndi ana? Ife kuno tili bwino, nsawa tatsiliza kukumba.

Lachiwili ndinapita ku boma kukagula sipika ya m'nyumba ija unanena. Atate anakwela nane galimoto, akuti akagule mbewu ya lepu. Ukudziwa kuti makutu awo anavulala ndi bomba pa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo zaka izi anagonthelatu.

Wogulitsa, a Morgan, anaika masipika atatu patebulo. Anati besi, mawu akuya aja, amayesa ndi kapu ya madzi, ndipo anaiika pamwamba pa iliyonse. Yoyamba, ya timagetsi tophethila, inkaphokosela ngati malata pa mphepo mpaka kapu kuyenda. Yachiwili inalila mopyapyala, madzi ali phee. Yachitatu inali bokosi lakuda lathabwa, lolemela, losakongola. Atakweza nyimbo ya kwaya yokhala ndi ng'oma, madzi ananjenjemela koma kapu ili nji. Ine ndinaimva m'chifuwa.

Pamenepo atate anayandikila n'kuika chikhatho pa bokosilo. Anachotsa msanga ngati apsa. Kenako anabwezelapo manja onse awili, n'kutsinzina.

Wilbroad, phazi lawo linayamba kugunda pansi, ndendende ndi ng'oma! Posakhalitsa anayamba kuimba nyimbo ya kwawo ku Tete, ndi mawu aakulu amene sindinawamvepo chibadwile. Anthu anadzaza pakhomo la sitolo, palibe woseka. A Morgan anangogwila pakamwa.

Nyimbo itatha, atate anati iwo ankayesa kuti anthu analeka kuomba ng'oma. Ndinagula yomweyo osayesanso ina.

Tsopano ndikuululile zimene zikundiwawa. Ine ndinali nditaleka kucheza nawo. Ndinkangowaikila chakudya n'kuchoka, poganiza kuti munthu wosamva alibenso nkhani. Koma pobwelela anakumbatila bokosi lija pamiyendo n'kulankhula njila yonse. Anandiuza kuti nyimboyo anaimba tsiku limene anakwatila malemu amai, ndiponso kuti anali woomba ng'oma wa mudzi wawo. Iwe unkadziwa zimenezi? Ine ndinalila, manyazi atandigwila.

Masiku ano batile ikadzaza pa sola, amakhala pakhonde manja ali pa sipika, ine ndili pambali kusenda nsawa. Tsiku lililonse akumbukila nyimbo ina.

Chonde masukulu akatseka ubwele ndi ana. Atate akalamba, ndipo ine ndekha sindingasunge nyimbo zonsezi pamtima. Adzukulu awo adzawamve ndi makutu awo.

Undipelekele moni kwa alamu, ndiponso kwa anzako a Josiah ndi banja lawo. Mulungu akusungeni nonse, akutetezenso iwe pansi pa mgodi.

Ndine mlongo wako,
Ezelina