Valavu Imene Bambo Anaitumbula

Adelaide,
2 Ogasiti.

Okondedwa achimwene a Khagendra,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga ndi ana. Nanga mawondo a mayi ali bwanji ndi mvula imeneyi? Ndamva kuti mpunga mwamaliza kuwokera, ndiponso kuti msewu wa ku Baglung wagumukanso. Ife kuno tili moyo. Kukuzizira koopsa. Mwana wathu Pabitra dzino lakutsogolo laguluka, ndiye akukana kumwetulira pojambulidwa. Alamu anu a Tilak chifuwa chija chawasiya.

Zabwino zathera pomwepa. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikangoyamba nkhani yolemera mumati netiweki yavuta. Ndakwiya, achimwene, ndipo pa anthu amene ndawakwiyira inunso mulipo.

Kuseri kwa khitchini yathu yophikira momo, timabanzi tanyama timene timagulitsa tija, pafupi ndi mita ya madzi, pali valavu yaikulu yamkuwa. Ntchito yake ndi imodzi: madzi akalowa kwathu asabwererenso m'paipi yamumsewu. Paipi yamumsewu ikaphulika imayamwa zonse zimene zili m'mipopi ya anthu n'kupita nazo kwa ena, ndipo ife timatsuka pansi ndi mankhwala oti munthu atamwa sangafike kuchipatala. Khomo loyandikana ndi lathu ndi sukulu ya mkaka. N'chifukwa chake valavuyo imayezedwa chaka ndi chaka ndi pulambala wachiphaso, amene amasaina pepala n'kulitumiza ku ofesi ya madzi.

Amatiyezera ndi a Jhalak. Mukuwadziwa, a kutsidya kwa mtsinje aja, amene anatigoneka pabalaza pawo miyezi inayi titangofika kuno tili ndi masutikesi awiri basi. Chiphaso chimenecho anachivutikira zaka zisanu ndi chimodzi, akukumba ngalande uku akuphunzira. M'mwezi wa Malichi anayeza, anapeza zonse zili bwino, anasaina.

Pa 11 Julaye kunabwera mayi wina wa ku ofesi ya madzi. Iwowa amangofika mwadzidzidzi kudzaona ngati osainawo amanena zoona. Analumikiza timapaipi take, koma muvi wa choyezera chake sunasunthe n'komwe. Anamasula chivundikiro. Achimwene, m'katimo munali mbee! Sipuling'i palibe, malabala palibe, ndipo kabowo kapansi kotayira madzi obwerera kanali kotsekedwa ndi chidutswa cha chubu cha njinga, chomangidwa bwinobwino ndi waya. Mayiyo sanakalipe. Anangoloza khoma la sukulu ya mkaka ija n'kundifunsa ngati ndili ndi mwana. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Anafunsa ngati pali wina amene anagwirapo valavuyo. A Tilak analumbira kuti palibe, ndipo ankanena zimene ankadziwa. Mayiyo anati basi, ndiye kuti wosainayo anasaina ali m'galimoto. Anatitsekera madzi tsiku lomwelo. Masiku asanu ndi anayi sitinaphike, mpaka pulambala wina atabwera kudzaika zatsopano. Zimenezo ndapirira. Koma a Jhalak awaimitsa ntchito, ndipo pa 23 mwezi uno awaitana kuti akayankhe. Akapezeka kuti ananama, chiphaso chapita.

Masabata awiri athunthu ndinkawaganizira zoipa a Jhalak. Ndinafika pouza amayi anzanga kukachisi kuti munthu akayamba kupeza bwino manja amalemera. Pakamwa panga pomwepa.

Ndiye Lachitatu lapitali munanditumizira kanema uja, inuyo, ndi tinkhope toseka pansi pake. Bambo ali pa sitolo ya tiyi ya a Harimaya, azibambo atawazungulira, akutulutsa sipuling'i ziwiri m'thumba la jekete. Akuti ku Australia anapeza mpopi ukudontha pakhomo pa mwana wawo, azungu ndi masukulu awo onse atalephera, iwo anangoutumbula ngati nkhuku n'kuchotsa zinyalala zimene zinkatsamwitsa madzi. Akuti zaka makumi atatu asamalira madzi a mudzi wonse, sanafunepo kasipuling'i. Anthu n'kumaomba m'manja. Kuseka kumene kukumveka pafupi ndi foni ndi kwanu.

Ndinakhala pansi pa thumba la ufa, zonse n'kumabwera. M'mwezi wa Meyi, bambo ali kuno kudzaona mdzukulu wawo, valavuyo inayamba kudontha. Ankaizungulira tsiku ndi tsiku, akudandaula kuti madzi akutayika chonsecho kwathu akazi amakwera nayo phiri mitsuko. Ndinawauza katatu kuti kuno chinthu chimenecho sachigwira munthu wopanda chiphaso, tidikire a Jhalak. Loweruka lina ife tinapita kukasiya momo m'masitolo. Pobwera tinapeza kudontha kwasiya. Opusafe tinati yadzikonza yokha, mpaka a Jhalak sitinawaitanenso. Bambo anali pampando akumwa tiyi, ali phee.

Nditaona kanemayo ndinawaimbira. Poyamba anaseka, akuti kodi wafa ndani? Nditafotokoza za a Jhalak, akuti Jhalak ndi mwana wadzana, anamuona akuthamanga wopanda kabudula, ndiye azungu akamulanda kapepala kakeko abwere adzalime chimanga ngati bambo ake. Nditakweza mawu, akuti kodi ndi madola amene andiphunzitsa kukalipira wondibereka? Anadula foni.

Mayi anaimba akulira. Akuti chibale ndi fupa sichiola, Jhalak si m'bale wathu, ndipo nkhaniyi ikamveka m'mudzi bambo sadzatulukanso panja. Ndinawafunsa kuti pamene tinkagona pabalaza paja abale athu a fupa anali kuti.

Alamu anu nawo mutu ali nawo m'mawondo. Akuti mkamwini satchula apongozi ake pa mlandu, ngakhale atawapeza ndi mbuzi ya eni paphewa. Akuti tingodikira, mwina a ku ofesi amva chisoni. Chisoni cha chiyani? Iwo akuona munthu amene anasainira chitsulo chopanda kanthu pafupi ndi ana a eni.

Dzulo kunabwera a Menuka, akazi a Jhalak. Sakudziwa kanthu. Anabwera ndi botolo la achali kudzatipepesa chifukwa cha masiku amene sitinaphike aja. Akuti amuna awo sakudya, amangobwereza kuti anayeza ndi manja awo ndipo muvi unayenda, mwina mutu wayamba kuwasokonekera. Anandigwira dzanja n'kunena kuti tisawasungire chakukhosi. Ndinalandira botololo, achimwene. Ndinathokoza. Atatuluka ndinadzida ndekha, ndipo mpaka pano ndikudzida.

Pempho langa ndi limodzi. Khalani nawo pansi bambo. Alembe okha kuti m'mwezi wa Meyi anatsegula valavuyo ife osadziwa, anachotsa zam'kati n'kupita nazo. Asaine, mupite nawo ku ofesi ya boma ya wadi yathu akadinde, mujambule pepalalo pamodzi ndi sipuling'izo, munditumizire pasanafike pa 20. Inu amakumverani, si ndinu mwana wamwamuna? Ndipo musandiuze zoti akalamba. Sipanala anaikwanitsa, cholembera sichingawalemere.

Ndikudziwa kuti anachita zimenezi pofuna kutithandiza. N'chimene chikundipweteka kwambiri. Akanangonena kuti mwana wanga ndinalakwa, bwenzi ine ndili woyamba kuwaikira kumbuyo. Chilango cha ofesi chigwera ife eni khitchini, ndipo ndavomera. Mwina a boma sadzawalolanso bambo kubwera kuno, sindikudziwa. Koma nkhalamba yovomera yokha kuti sinadziwe malamulo a dziko la eni anthu amaimvetsa. Imeneyo ndiyo njira yowasungira ulemu, ina ine sindikuiona.

Pepalalo likapanda kufika, pa 23 ndidzapita ndekha ndi foni yanga. Ndidzaonetsa anthu achilendo bambo anga akudzitama pa sitolo ya tiyi, ndipo mawu awo ndidzawamasulira ndekha m'Chingerezi, osasiyako ngakhale limodzi. A Tilak ndawauza kale, akhala masiku awiri osandilankhula. Sikuti ndikukuopsezani. Munakula nane, mukudziwa kuti ndikanena ndanena.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti mafuta opaka mawondo ndatumiza ndi mwana wa a Harimaya amene akubwera mwezi wamawa. Moni kwa alamu anga, kwa ana onse, kwa azakhali a ku Kusma ndi kwa amalume ngati atsika kuphiri. Pabitra akuti mumupatsire moni mwana wa njati yanu yoweta uja.

Kwa bambo moni sindilemba. Muwawerengere kalatayi muli awiriwiri, mayi atapita kumunda, ndipo musadumphe mzere. Akakana mundiuze msanga, kuti ndidziwiretu kuti pa chikondwerero cha Dashain chaka chino ndilibe bambo wondidalitsa.

Ndine mlongo wanu,
Yamuna.