Nsanamira yachitatu ndaitseka ndikudziwa

Lachitatu madzulo, ku Hor Al Anz, kuno kudziko la Aluya. Kunja kukutenthabe ngati mu uvuni, koma chandilemera ine ndi mtima.

Lero timakuta nsanamira zachitsulo ndi mabodi a jipisamu m'chipinda chapansi pa nyumba imene tikukonza. Zilipo zinayi, ndipo ndi zomwe zasenza nyumba yonse. Yachitatu ndinaipeza itadyeka ndi dzimbiri kutsinde, pomwe paipi imadonthera madzi. Nditagogoda ndi hamala, chitsulo chinayoyoka ngati makoko a mtedza.

Ndinaitana kapitawo. Anangoyang'ana kamodzi, n'kuti, "Yalla, fulumira, habibi mnzanga, tseka. Penti ikalowa, khalas, zatha." Ndipo ine, Ambuye mundikhululukire, ndinatseka. Ndinaopa kutaya viza yanga.

Masana anatsika a Nachisale, mayi wa ku Dedza amene amalera ana panyumbapo, atatitengera madzi. "Achimwene, mwakongoletsatu! Ana angawa azisewera muno, kunjaku dzuwa si locheza." Madziwo ndinangowaika pansi osamwa.

Ndapemphera, koma dzimbiri lija likadali pompo. Bodi ya kumunsi ndinangoigwiritsa ndi masikuluwu awiri. Mwina ndi Mzimu unagwira dzanja langa. Mawa kukubwera injiniya, bambo wa ku Zambia amene amamva chilankhulo chathu. Bodiyo ndikaimasula iye ali pompo, kapitawo akuona. Akafuna kundichotsa ntchito andichotse. Chingerezi chimandithawa ndikachita mantha, ndiye ndikangonena m'chathu chomwechi kuti, "Bwana, taonani apa."

Sikuludiraiva ndaika kale m'thumba la ovolosi, kuti mawa ndisapeze chonamizira. Ambuye, mungondilimbitsa mtima, zinazo...