Wotchi ya alamu ndi ng'ombe yanu

...ndiye ine ndinati, "Alamu, vulani kanthuko tikaone!" Aa, pepani Amayi, ndayamba ngati wothamangitsidwa ndi njuchi. Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ndine Fabiano wanu, mwana amene anatenga nzeru zonse za pamudzi pano, ena n'kutsala ndi makoko.

Kuno tilipo. Mlongo wanga Anastazia wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo akalira amamveka mpaka ku Ntchisi boma. Mtedza wachita bwino, fodya wa chikopa wadzaza chigafa. Koma fodyayo afika bwanji kumsika? Nkhani ndi imeneyo.

Amuna ake a Anastazia, a Gelevazio, mkamwini uja munkati amadya ngati wabwera kudzaona maliro a nkhokwe, asinthanitsa Bantomu ndi wotchi. Inde, Bantomu ng'ombe yanu yapangolo! Watsala Buleki yekha m'khola, ndipo goli silisenzedwa ndi khosi limodzi. Ngolo yangokhala pansi pa mango, nkhuku zikuikiramo.

Wotchiyo anaitenga kwa mtchona wina wa ku Dzoole, wobwera ku Joni ndi chipewa chachikulu ndi mano awiri. Akuti ndi yakalekale, ya golide, inkavalidwa ndi kaputeni wachizungu pa nkhondo ya ku Bama, ndipo chipolopolo chinaiomba n'kubwerera. Alamu anameza zonsezo osatafuna. Munthu wosadziwa kuti folo koloko ndi uti! Lamulungu ku Mtengowanthenga anapinda malaya mkono umodzi wokha, Misa yonse akukanda mphuno yosayabwa. Pachipata cha msika anyamata atafunsa khadi la chipani, iwo analipereka ndi dzanja lamanzere, litakwezedwa ngati akudalitsa anthu.

Tsono wodziwa mawotchi m'Dowa muno ndani, kupatula ine? Zaka ziwiri zija ndinkasita zovala kwa mzungu ku Halale, wotchi yake ndinkaipukuta ndine. Yabodza ndimaidziwa pongoinunkhiza basi. Atavula alamu, pamkono panali pobiriwira ngati ndowe za m'dzinja. Golide satero. Ndinaipala pang'ono ndi lezala, chikasu chonse n'kuchoka, kutsala chitini. Dzina lolembedwa pankhope pake n'lokhota, penti yake yadzulodzuloli, ngati ya pakhoma la golosale. Lamba ndiye wa chikopa cha mbuzi yakonkuno, akununkhabe tonde.

Ndinati, "Alamu, yeniyeni imakhala ndi timiyala tofiira m'mimba. Bweretsani mpeni." Iwo amvekere, "Ayi alamu, muononga." Ine kuononga? Paja inali itaima kale, zii ngati mwala. Nditatsegula ndinapeza timiyala tochepa, pomwe ya bwana wanga inali ndi todzaza lichero. Inu munkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Umu ngakhale nyererezo zinasamuka.

Tinapita ku Dzoole, ine patsogolo, kuti tibweze wotchi titenge ng'ombe. Bantomu tinamuona ndi maso, ali pachingwe, nthiti zikuwerengeka. Mtchona uja anaika wotchi kukhutu, anaigwedeza, n'kutiponyera. Amvekere, "Ndinakupatsani yamoyo, mwandibweretsera mtembo. Idzuke kaye, ng'ombe mutenga." Wati mwezi uno ukatha, Bantomu apita kwa opha nyama ku Mponela. Anastazia wauza amuna akewo kuti ng'ombe ikaphedwa apinde mphasa abwerere kwawo. Ine ndikuti apite, sitidzasowa wotithera ndiwo. Kungoti adzukulu anu amawakonda abambo awo opusawo.

Tsono Amayi, poti kumwambako mumaona zonse, ndisakunamizeni. Zija ndati inali itaima kale, ndaonjeza. Inkayenda bwinobwino, tiki tiki, kufika thwelofu limodzi ndi belu la kumishoni. Mpeni wanga utalowa, kawaya kopyapyala kanadumpha n'kugwera m'fumbi, ine n'kukaponda alamu asanaone. Ndinawauza kuti yafa ndi manyazi poti taitulukira, ndipo anakhulupirira.

Mawa ndipalasa njinga mpaka ku Lilongwe, kwa wokonza mawotchi wa pakhonde la sitolo. Ikakana kudzuka, njingayo ndipereka kwa mtchona, ndibwere wapansi ndikukusa Bantomu. Akakananso, goli ndilowamo ndine pambali pa Buleki, alamu agwire chikwapu. Ng'ombe yanu ibwera, ndalonjeza.

Koma wotchiyo ndi yabodza ndithu, pamenepo sindinaname. Abambo musawauze zonsezi.

Ndine mwana wanu wokukondani kopambana ena onse,
Fabiano