Munagona M'bokosi Langa

Lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chimwalirireni, bambo a Kamsomali. Zaka zonsezi amene akhala akulemba pansi pa chithunzi chanu m'nyuzipepala ndi achemwali anu. Ati munali mzati wa banja, ati mkazi wanu sakuumabe misozi. Chaka chino ndalemba ndekha, ine mkazi wanuyo, ndipo maso anga ndi ouma gwa.

Zabwino zanu sindikana. Munali kalipentala wa manja abwino. Pensulo sinkachoka kukhutu, ngakhale kutchalitchi. Mukalowa m'nyumba ya eni munkayamba mwagogoda chitseko ndi chala kuti mumve ngati thabwa lake ndi lenileni, moni pambuyo. Mukaseka kushedi kwanu kuseri kwa nyumba, anthu ankacheuka ali kumsewu. Mwana wathu ndinu munamutcha Kamsomali, poti anali woonda, kamutu kokha kakakulu. Malangizo anu anali amodzi tsiku ndi tsiku: tisamadye kwa eni, anthu ndi oipa mitima. Munkanena zoona. Kungoti chala munalozera kunja, pamene oipawo ankagona m'nyumba momwemo.

Chaka chanu chomaliza ndinayamba kudwala. M'mimba kupotokola, kusanza, miyendo kuzizira ngati si yanga. Achemwali anu anasamukira kwathu, ati kudzandisamala. Anabwera ndi mtsikana wina, ati wa kukwaya, wodzathandiza kuchapa. Anachapadi, koma malaya anu okha. Tiyi wanga wa m'mawa ankapanga ndi alamu angawo, wina asakhudze. Akatha ankapatsira Kamsomali kuti andibweretsere kuchipinda, podziwa kuti cha m'manja mwa mwana wanga sindingakane. Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Mukukumbukira masana aja ndinadzidzimuka tepi yanu yoyezera ili pamphumi panga? Mbali ina munagwiritsa mwana, kumapazi. Nditatsegula maso munaseka kuseka kwanu komwe kuja, ati ndigone, mukufuna kundikhomera bedi latsopano. Ndinakuthokozani, ine chitsiru. Patatha sabata Kamsomali analowa, natseka chitseko, nandinong'oneza kuti bedi lija waliona kushedi, lafunditsidwa pepala lapulasitiki. Ati amayi, lili ndi chivundikiro. Ati m'kati ayalamo nsalu yoyera ija munagula kuti musoke makatani.

Kenako anandiuza chinanso. Iye ndiye ankasesa utuchi kushedi, ndiye fungo la mankhwala anu opopera matabwa kuti chiswe chisadye ankalidziwa bwino. Fungo lomwelo ankalimva mu kapu yanga. Chitini cha mankhwalawo chinkakhala m'kabati yokhoma, ndipo kiyi wake ankakhala pa lamba wanu. Musanene kuti simunkadziwa. Kumene muliko kulibe woti mumunamize.

Anthu adzafunsa kuti bwanji sindinathawe. Ndikanathawa ndi miyendo iti? Nanga ndani akanamvera mwana pamaso pa bambo ake, bambo oseka ndi aliyense? Tinapangana awiri. Tiyi akabwera, Kamsomali ankathira m'chitini cha maluwa pawindo, ine ndi kupukuta pakamwa, ndi kubuula mokweza kuti alamu amve kukhitchini. Maluwa anauma. Ine ndinayamba kuphuka. Chakudya ankandibisira cha m'mbale mwake. Nonse mukatuluka ndinkagwira khoma, kuyenda kuchoka pabedi kufika pachitseko, lero kawiri, mawa kanayi. Inu mukabwera munkasuzumira, ndi kufunsa achemwali anu pakhonde kuti kodi munthuyu akuchedwa pati. Ndinkamva. Khoma lake linali la matabwa, munakhoma nokha.

Ndiye linafika Lachinayi lija. Dzuwa lili pamutu, mukusolola thabwa la pansi chifukwa cha ulesi wotsitsa apamwamba, mulu wonse unakugwerani. Sindinakukankheni. Sindinapemphere n'komwe kuti zitero, nthawi yopempherera zoipa ndinalibe, ndinali pakalikiliki kuphunzira kuyenda.

Abale atasonkhana anayamba kukambirana zokagula bokosi. Pamenepo ndinatuluka kuchipinda ndi miyendo yanga, osagwira khoma. Achemwali anu anagwetsa mbale. Ndinati mmisiri sagona mu ntchito ya munthu wina, bokosi lilipo kale kushedi, lopaka vanishi kawiri, kalitengeni. Anakalitengadi. Akanati chiyani, kuti limenelo ndi la mkazi wamoyo?

Inu munali wamtali, ine ndine wamfupi. Anakuvulani nsapato, sizinathandize. Anakupindani mawondo, nakupendeketsani chammbali. Chivundikiro chinkakana, mpaka amuna awiri anachita kutsamirapo. Misomali ndinkapatsira ndine, umodzi umodzi. Ntchito munaigwira bwino, bambo, mpata munalibe ngakhale wa chala. Munandiyeza molondola.

Titabwera kumanda ndinamasula kiyi pa lamba wanu, amene sanalowe nanu m'bokosi. Chitini chija ndinachiika patebulo pamaso pa abale onse, pambali pake kapu yanga. Ndinati alamu, anthu atopa, tapangani tiyi uja mumamudziwa, lero timwe tonse. Dzuwa lisanalowe, iwo ndi wa kukwaya uja anali pamsewu, zikwama pamutu. Ngati akuwerenga izi ndipo zawawawa, akandisumire. Chitini ndikadali nacho.

Shedi yanu sinatsekedwe. Ndinaphunzira sowo ndi hamala ndili ndi imvi, zala zinatupa, anthu anaseka, lero akuima pamzere. Timakhoma zitseko, mabedi ndi madesiki a ana a sukulu. Mabokosi a maliro ayi. Wofuna limenelo ndimamulozera kwina.

Okulirani alipo, musadandaule. Achemwali anu amalira chaka ndi chaka, mokweza, pakakhala anthu. Wa kukwaya analira masabata atatu, kenako anakwatiwa ndi wowotcherera mageti.

Koma amene munamupweteka zenizeni si ine. Ndi Kamsomali. Zaka zisanu ndi ziwiri mwana uyu sanagonepo kwa mnzake, sanapitepo paulendo wa sukulu. M'mawa uliwonse ndinkamupeza ataima pakhomo la chipinda changa, kuyang'ana ngati bulangeti likukwera ndi kutsika. Munthu akandipatsa madzi, ankayamba walanda n'kununkhiza. Atasankhidwa kusukulu ya unamwino anabisa kalata pansi pa matiresi, ati amayi atsala ndi ndani. Ndinaipeza poyala. Ndinamukalipira, analira, ndinalira, anakanabe. Ndinadziwa kuti mwana akakhala pano kundilondera mpaka kukalamba, ndiye kuti mwapambanabe inu.

Lolemba lapitali ndinamunyamulira sutikesi ndekha, paphewa, kuchoka kunyumba mpaka pokwerera basi, osapumira, kuti aone. Atafika pakhomo la basi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka, ati amayi mwanenepa, muchepetse shuga. Anakwera, nakhala pampando, nayamba kucheza ndi mtsikana mnzake. Basi inanyamuka, iye osacheuka n'komwe. Ndinavina pamsewu pomwepo, anthu akuona.

Mwana wapita kukakhala moyo wake, ine ndatsala ndi wanga, wonse wathunthu.

Sitidzakuiwalani, bambo a Kamsomali, ngakhale mutafuna.

Ndine mkazi wanu wamasiye, wamoyo.