Minibasi ija inali yanga

Lachinayi, 6 Juni

Iness anaikidwa dzulo. Ine sindinapiteko.

Ndalemba mawu amenewa n'kumangowayang'ana. Mnzanga wa pamsewu zaka zisanu ndi chimodzi, wodyera naye chipisi m'jumbo imodzi. Kwawo kwa Kanduku si kutali, pa njinga ola silikwana. Ndinasamba, ndinamanga duku, kufika pakhomo miyendo n'kukana. A V., amuna anga, anapita okha n'kukanena kuti ndagwidwa malungo. Malungo ake ati?

Kope ili ndi lotsala la mwana wanga Miracle. Pakamwa pakukanika, ndiye mwina dzanja.

Lachisanu, 7 Juni

Ndilembe mmene zinakhalira, mwina zichoka m'mutumu.

Pa siteji pathu ogulitsa manachesi timakhala awiriawiri. Minibasi ikaima, mmodzi amathamanga ndi beseni kukagulitsa pamawindo, mnzake amatsala kulondera milu, chifukwa mbuzi za paboma ndi anthu osolola sachedwa. Timasinthana, iyi yanga, yotsatira yake. Ine ndi Iness sitinakanganepo za zimenezi, ngakhale ine ndi wa pakamwa, aliyense amadziwa.

Lolemba cha m'ma 10 koloko minibasi yochokera ku Blantyre inaima tsidya lina la msewu. Inali yanga. Koma nsalu inali itamasuka, ndinali pakati poimanganso. Ndinati, "Iness, thamanga, tenga iyo, ine yotsatira!" Ananyamula beseni langa lomwe, poti ndi limene linali lodzaza. Thiraki yopita kuboda inali ikupitirira minibasiyo.

Za pakatipo mulibe m'mutu. Ndimangomva mabuleki, kenaka beseni likugubuduzika pa phula. Manachesi mbwee msewu wonse. Anthu akuti ndinakhala pansi n'kuyamba kutola manachesiwo limodzilimodzi kuika pansalu. Ine? Mnzanga ali gone apo? Sindikukumbukira, ndipo ndikuchita nazo manyazi.

Apolisi atafunsa ndinangoti ankawoloka. Zoti inali nthawi yanga, zoti ndinamutuma ndine, sindinauze munthu. Ngakhale a V.

Loweruka, 8 Juni

Ndapsereza ndiwo kawiri. Ndikumangopezeka ndaima pakati pa bwalo, ndowa m'manja, osadziwa ndimapita kuti.

Lamulungu, 9 Juni

A V. anandikakamiza kutchalitchi. Ndinakhala kumbuyo, kufupi ndi khomo. Nyimbo zonse ndinkangotsegula pakamwa.

Pakati pa ulaliki galimoto ina inachepetsa liwiro panja. Ndisanadziwe chilichonse ndinali nditadzuka kale, dzanja likufufuza beseni pansi pa benchi. Kenaka inaliza hutala. Ndinangopezeka ndili pansi, thukuta thupi lonse, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Amayi a chigwirizano anandinyamula kupita nane pamthunzi, wina akundikupiza ndi buku la nyimbo. Tchalitchi chonse maso pa ine.

Ankayesa sindikumva. Wina anati, "Ndi malemu aja akumuyendera, akufunika mapemphero a mphamvu." Mnzake anati, "Nanga kumaliro osaonekako, chikhalirecho anali ngati mapasa." Aka kachiwirika ndi kamene kandilasa. Tsiku lina ndikanawayankha mpaka akanasowa polowera. Lero ndinangotseka maso.

Kunyumba ndakalipira Miracle chifukwa chogwetsa chivindikiro cha poto. Mwana wangokhala kakasi. Ndine ndani tsopano?

Lachiwiri, 11 Juni

Kuchipatala. Ndinauza a V. kuti tidzere kuseri kwa msika, pa siteji sindidutsapo. Sanafunse, anangokhotetsa njinga.

Malungo mulibe. BP ili bwino. Ndinakwiya, ndinkafuna apeze chinachake. Anatitumiza ku kachipinda kena kwa anesi oona za maganizo. Ndinauza a V. kuti ine si wamisala, tiyeni kwathu. Anesiwo anamva, anaseka pang'ono n'kuti, "Lowani mayi, muno simulowa amisala okha, ngakhale ife timalowamo."

Mayi wamkulu ndithu, wa magalasi, wosapupuluma. Anafunsa ngati ndikugona, ngati ndikudya, ngati ndinaganizapo zodzipweteka. Chomalizachi ayi, ndinanena zoona. Anati zimene zikundichitikirazi zimachitikira ambiri amene aona ngozi ndi maso, thupi limakhala ngati silinamve kuti ngoziyo inatha. Anandiphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono ndikuwerenga mpaka folo, kutulutsa mpaka sikisi, mapazi onse pansi, n'kumatchula zinthu zimene ndikuziona. Ine ndimayembekeza mapiritsi, akundipatsa kupuma, ngati ndinasiya.

Kenaka anafunsa, "Alipo amene mumamuuza za kumtima?"

Ndinati amene ndinkamuuza zonse ndi malemu yemweyo.

Sanandiuze zoti limbani mtima, mwina ndicho chifukwa chake ndinatsala pang'ono kuulula. Anati kulembaku ndisasiye, ndipo ndibwerenso Lachiwiri.

Pobwerera thiraki inatipitirira pafupi ndi mjigo. Ndinatsika, ndinayesa zawo zija. Mtengo wa mango, mbuzi, shati ya a V., chigubu chachikasu. Sindinagwe. Sindikuti zandichiritsa, koma sindinagwe.

Lachitatu, 12 Juni

Kunabwera Lucia, wa mulu woyandikana ndi wathu pa siteji. Akuti malo athu palibe wakhalapo, angosiya mwala umene tinkakhalapo uli pomwepo. Manachesi anga akuwolera m'madengu kuseri kwa nyumba, fungo lake lokha likundichititsa nseru.

Ponyamuka anati, "Asisi, amayi ake a Iness akukufunani. Atuma uthenga kawiri."

Akundifuniranji? Wina wawauza?

Lachinayi, 13 Juni

Ndawauza a V. Ankakonza tcheni cha njinga, ine ndili chiimire kumbuyo kwawo, poti pamaso sindikanatha. Ndinati minibasi ija inali yanga, ndinamutuma ndine.

Anasiya sipanala. Anati, "Mayi a Miracle, thirakiyo munkayendetsa ndinu?" Ndinawakalipira kuti musandiyankhe ngati wapolisi. Anapepesa. Anakhala nthawi akupukuta manja pa buluku, kenaka anati, "Ndiye masiku onsewa mwasenza nokha zimenezi, ine ndili pompano?" Maso awo anali ofiira. Chikwatiranecho sindinawaonepo choncho.

Akuti mawa andiperekeza kwa Kanduku. Ndikakawauza amayi aja akandithamangitsa, akandithamangitse. Mwana ndi wawo.

Lachisanu, 14 Juni

Tinafika cha m'ma 9. Pa zitunda ndinayenda pansi, kawiri ndinafuna kubwerera. Pabwalo phulusa la pamaliro likadalipo. A V. anatsala pansi pa mtengo ndi amalume ake a Iness.

Amayi anali pakhonde akutongola chimanga, atameta. Aonda. Ndinagwada patali, moni sanatuluke. Ndinangoyamba, maso pansi, kuti amayi, ndabwera kudzanena, tsiku lija sinali nthawi ya Iness.

Anandidula. "Ndikudziwa, Tiyamike. Nsalu inamasuka."

Ndinadzutsa mutu kuwayang'ana.

"Iwe ukafuula amamva mpaka kutsidya kwa boda ku Zobue. Siteji yonse inamva. Anandiuza tsiku lomwelo kuchipatala." Anaponya chitsononkho pansi. "Ikanamasuka yake, akanakutuma iwe, lero akanagwada kwa amako ndi iyeyo. Ntchito yanu ndi yotero. Sindinakuitanire zimenezo."

Masiku khumi ndi limodzi ndikubisa chinthu chimene boma lonse likudziwa. Lucia amadziwa. Mwina ndi amayi a chigwirizano omwe. Palibe anandiloza chala, ndimadziloza ndekha.

Koma sanandisiye choncho. Anati, "Chimene chinandiwawa n'choti sunabwere. Posambitsa ndinkayang'ana pakhomo kuti mnzake ali kuti." Ndinapepesa.

Anandikodola kuti ndisendere pamphasa. Anandigwira pamkono mwamphamvu, zala zawo zokhakhala ndi chimanga.

"Aliyense akungondiuza za pambuyo pake, mmene anamupezera. Zimenezo zandikwana. Iwe ndi amene unamuona komaliza ali moyo. Mwana wanga ananyamuka bwanji? Ananena chiyani?"

Ndinati sindikukumbukira, amayi. Mtima unayamba kuthamanga. Ndinaponda pansi, ndinakoka mpweya, iwo osandisiya mkono. Ndiye zinabwera zokha, zimene sizinabwerepo chichitikireni. Iness akusenza beseni, akucheuka.

Ndinati, "Anandinena, amayi. Anati, 'Iwe ndi nsalu zakozo, udzagule lamba!' Ankaseka."

"Ankaseka?"

"Eya. Mpaka mano onse panja."

Anatseka maso. Misozi inatsika koma milomo ikumwetulira. Anati, "Ndi yemweyo. Mwano ngati bambo ake." Kenaka anandigwedeza mkono.

"Nenanso."

Ndinanenanso. Anandibwerezetsa kanayi, ndipo kachinayiko anaitana achemwali ake a Iness kuti atuluke m'nyumba adzamve nawo.