Nazar Sanapenge

Loweruka, 11 Julaye 2020. Wad Madani.

Alichotsa. Lamulo lopha munthu wosiya Chisilamu alichotsa. Ndalemba kawiri kuti dzanja likhulupirire.

Magetsi anayaka madzulo atasowa tsiku lonse, ndipo TV inadzuka yokha, paja Amayi sazimitsa kanthu. Ine ndinali kukazinga anyezi. Nditangomva, ndinakhala pansi m'khitchini momwemo. Anyezi anapserera. Apserere.

Masiku 46 Nazar ali m'chitokosi. Mlongo wanga wamng'ono, mwamuna yekhayo m'nyumba muno. Woweruza anali atamupatsa kale nthawi yoti alape, apo ayi chingwe. Iye n'kumayankha kuti sangalape zabodza. Mutu wouma, wa malemu Bambo weniweni.

Amayi anafunsa kuti, "Ndiye abwera lero?" Ndinati ayi, koma samupha. Anayamika Mulungu, alhamdulillah katatu, n'kupita kukakutumula bedi lake la zingwe.

Ndaswali kuthokoza Mulungu populumutsa munthu amene sakhulupirira Mulunguyo. Ngati n'kulakwa, Mwini wake adziwa.

Lamlungu, 12 Julaye

Kukhoti ndi loya wathu, mayi Intisar. Kalaliki sanadzutse n'komwe mutu. "TV si lamulo, mayi. Lamulo ndi pepala lochokera ku Khartoum, lachidindo." Dziko lino ngakhale moyo wa munthu umaima pamzere kudikira chidindo.

Anandilola kumuona mphindi khumi. Ndinamutengera nyemba zophika zija timati fulu, ndi buledi, buledi wa pamzere wa maola awiri. Waonda. Ndevu zakula. Anati, "Achemwali, taonani, ndevu za ushehe zandimerera nthawi yolakwika." Msilikali wa pakhomo naye anaseka.

Sinditha kumuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Ndine ndinamuika m'menemo.

Mwezi wa Ramadani ndinamupeza kuseri kwa shopu yake ya mapampu akumwa madzi masanasana. Anandiuza modekha kuti anasiya kukhulupirira zaka zitatu zapitazo, kumzikiti ankangopitira ife. Ine, Sulafa, mphunzitsi wa masamu wathunthu, n'kuganiza kuti ndi ziwanda. Ndinathamangira kwa amalume a Dafalla kuti amutengere kwa shehe, amulembere mavesi a Korani pathabwa, atsuke inkiyo, amumwetse. Inenso anandimwetsapo ndili mwana, maloto oipa n'kutha. Koma amalume sanapite kwa shehe. Anatenga mboni ziwiri, n'kumufunsa Nazar pamaso pawo, ndipo chitsiru changa chinayankha zoona. Patatha masiku ochepa, apolisi.

Iye akudziwa kuti ndine. Sanazitchulepo, ndipo n'zimene zikundipweteka.

Lachitatu, 15 Julaye

Pepala analisindikiza Lolemba. Mayi Intisar anaonetsa woweruza pafoni, iye wati foni sadindapo chidindo. Mlamu wa mayi Intisar, woyendetsa basi, abwera nalo lenileni akapeza dizilo.

Komabe ndikugona tsopano. Ndikudya. Dzulo ndinadzipeza ndikuimba pochapa.

Kalata ya dokotala siikufunikanso. Inali njira yathu yomaliza: dokotala alembe kuti mutu wa Nazar sukuyenda bwino, poti wamisala saweruzidwa. Nazar anaikana katatu. Vuto n'lakuti Amayi anali atayamba kale kuigawa nkhaniyo khomo ndi khomo ngati ndiwo. Lero Hajja Batulu, oyandikana nawo, anasuzumira pampanda, chala chikuzungulira pafupi ndi khutu. "Mwana wathu uja, akupezako bwino kumtundaku?" Ndinati akupezako. Ndikanati chiyani?

Mvula. Denga la chipinda chake likudonthanso pangodya.

Lachisanu, 17 Julaye

Chimkuzamawu cha mzikiti chinali cholusa lero. Akuti boma lagulitsa chipembedzo. Ndinatseka zenera, kenako ndinachita manyazi, ndinatsekulanso.

Atatuluka kuswala, amalume anabwera. Koyamba chichitikire zija. Ndinawaphikira khofi wa jinja, mtima ukufuna kuthiramo mchere. Anati, "Boma lachotsa lamulo lake. La Mulungu salichotsa ndi cholembera." Amayi anayankha mosakweza mawu: "Achimwene, mwanayo wapenga. Angelo salemba za wamisala, mukudziwa inu kuposa ine."

Amalume anatembenuza kapu. Kenako anati, "Ngati wapenga, ndiye ndi nkhani ina." Ndinaona mapewa awo akutsika. Ndikuganiza kuti iwo ankafuna kungomuopseza, ati mwana akaona chitokosi abwerera pakutha masiku awiri. Chingwe sanachiyembekezere. Nawonso Amayi awatula katundu, koma sindinawakhululukire.

Lachiwiri, 21 Julaye

Watuluka.

Mlandu wonse, masiku 56, woweruza anautseka ndi chiganizo chimodzi osamuyang'ana. Palibe lamulo, palibe mlandu. Chidindo, pha. Mayi Intisar anandigwira mkono, ati ndisagwe m'khoti mwa eni.

Panjira Nazar ankangoyang'ana mtsinje, wadzaza, wofiira ndi matope. Pakhomo Amayi anamugwira kumaso ndi manja onse, kumununkhiza m'mutu ngati khanda, kenako anati, "Ukununkha, kasambe." Nsabwe. Ndinamumeta ndekha pabwalo. Anamwa makapu anayi a tiyi wamkaka, n'kugona dzuwa lili pamutu.

Ndinalowa katatu kukaona ngati akupuma. Akupuma. Chimwemwe chandifoola ngati malungo.

Loweruka, 25 Julaye

Alendo tsiku lililonse. Amabwera ndi lubani, ndi madzi owerengeredwa mavesi, ndi chisoni chodzaza manja. Amamulankhula mokweza ndi pang'onopang'ono ngati gonthi. Hajja Batulu anamufunsa kuti, "Nazar, ukundizindikira ine?" Iye anati, "Ndikukuzindikirani, Hajja. Pampu yanu ndi ija munaitentha poiyatsa yopanda madzi." Hajja anatembenukira kwa Amayi: "Koma zina akukumbuka, mayi. Achira ameneyu."

Ndinathawira kukhitchini kukaseka. Palibe wamuponyera mwala, palibe walemba zoipa pachipata chathu. Wamisala ndi mlendo wa Mulungu, samugenda. Amayi anaganiza bwino, ndinatero mumtima.

Lolemba, 27 Julaye

Sanaganize bwino kwenikweni.

Nazar anatsekula shopu dzulo. Munthu anabwera ndi pampu, n'kufunsa ngati pali wina wamutu wabwino woti aiyang'anenso akamaliza. Lero Nazar anakwera padenga kukamata podontha, ine ndikumugwirira makwerero, ndipo anandiuza ali kumwambako kuti chikatha chikondwerero cha Idi akupita ku Cairo. Kuli mnzake. "Kundende ndinali wolakwa, achemwali, koma ndinali munthu. Akandifunsa, ankadikira yankho. Kuno ndikalankhula amangogwedeza mutu n'kundipatsa tiyi."

Ndinati ukufuna chiyani, kuti akugende? Anati sakufuna kulalikira aliyense, sanyoza swala ya munthu. Akungofuna kuti m'nyumba mwa bambo ake azidya ngati iyeyo.

Ndinamupepesa pomwepo, nditagwira makwerero, iye osandiona nkhope. Anati, "Munkafuna kundimwetsa inki, osati kundipachika. Ndikudziwa. Gwirani bwino, mungandiphe zenizeni." Ndinalira mpaka chimfine.

Wapulumuka chingwe kuti basi ya ku Cairo imutenge? Wopita kumeneko amati miyezi itatu, n'kubwera ndi imvi.

Lachinayi, 30 Julaye

Tsiku la Arafa, mawa ndi Idi, ine ndi Amayi tasala kudya. Iye anadyera m'chipinda mwake, chitseko chotseka, kutilemekeza.

Nkhosa yabwera, yowonda, mtengo wake wa ng'ombe. Chimwalirire Bambo, woizinga ndi Nazar. Chaka chino sangathe: nyama yozingidwa ndi wosiya chipembedzo sidyedwa, ya wamisala chimodzimodzi. Uku kapena uku, mpeni wamuchoka m'manja. Azinga ndi amalume. Nazar anaunola yekha mpeniwo, n'kuuika pa tebulo.

Chikwama chake chili pansi pa bedi, chodzaza. Amayi anachiona posesa. Anapitiriza kusesa.

Lachisanu, 31 Julaye. Idi.



Amalume anazinga atachoka kuswala. Amuna anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa ndimu: iwo, ana awo awiri, a Bashari amuna a Hajja Batulu, ndi Nazar kumapeto. Ine ndinabwera ndi thireyi ya chiwindi chachiwisi, anyezi, tsabola ndi ndimu. Amalume anali okondwa, mkanjo woyera, magazi pang'ono pamkono. Anamusisita Nazar paphewa n'kuuza anzawo kuti, "Musamuope, adye nafe mbale imodzi. Wodwala alibe tchimo, sadziwa chimene akunena."

Nazar anayang'ana pansi. Ndinaona kuti sayankha, chifukwa cha Amayi. Ameza, adya, mawa anyamula chikwama.

Pakamwa panga ndi pamene panayambitsa zonsezi. Ndinaika thireyi pansi, n'kunena kuti, "Amalume, Nazar sanapenge. Mutu wake uli bwino kuposa wanga. Sakhulupirira, ine ndimakhulupirira, ndipo ndi mlongo wanga. Mbale ndi imeneyi. Wofuna kudya adye."



Amalume anaimirira, anavala nsapato mosafulumira, anaitana Amayi. "Nafisa, wamva mwana wako?" Amayi anali pakhomo la khitchini, manja ali ndi mafuta. Anati, "Ndamva, achimwene. Mwendo wanu wa nkhosa ndakukulungirani." Amalume anapita osautenga. Ana awo pambuyo.

A Bashari anakhalabe. Zaka makumi asanu ndi atatu, mano anayi. Anayang'ana chipata, anayang'ana thireyi, anati, "Chiwindi sichidikira milandu." Anatchula dzina la Mulungu, Bismillah, n'kupisa dzanja. Nazar anapisanso. Anadya awiri mbale ya anthu asanu. Pochoka a Bashari anamuuza kuti, "Ndikupempherera, ufune usafune. Ndipo pampu ija ubwere uione."

Madzulo alendo a Idi anali ochepa. Ndinawerenga makomo atatu amene sanabwere. Mwala palibe. Apolisi palibe, alibenso chifukwa chobwerera. Chaka chatha mawu anga aja akanamupha. Lero angotichepetsera alendo.

Loweruka, 1 Ogasiti

Amayi sanandilankhule mpaka m'mawa uno, tikudula nyama yoyanika pabwalo. Nazar anali pafupi, akutsuka mkeka pampopi.

Anati, "Ukuyesa sindinkadziwa kuti sanapenge? Ndinamubereka ndine. Ndinkawapatsa anthu khomo lolowera m'nyumba muno osachita manyazi. Iwe walitseka." Ndinati pepani. Anati usapepese, watseka watseka, mwina linali lotopetsa kuligwirira.

Kenako ndinafunsa chimene chimawasowetsa mtendere, ndikuchidziwa. Tsiku lawo lomwalira likadzafika, achimwene awo atakwiya, mwana wawo wamwamuna sangaime pamzere wowaswalira. Anadula nyama kawiri, katatu.

"Kundiswalira adzandiswalira ena, mzikiti sudzasowa anthu. Iyeyu adzakumbe manda. Fosholo sifunsa chipembedzo." Anakweza mawu osatembenuka. "Wamva, iwe? Sindikufuna kukumbiridwa ndi aganyu, dothi la kuno n'lolimba, amakumba mosaya."

Madzi a pampopi anasiya kutuluka. Nazar anati, "Ndamva, Amayi. Ndidzakumba ndine."

Kuno maliro sagona, wokumba manda sangakhale ku Cairo. Amayi ali ndi zaka 61 ndipo sadwala ngakhale mutu. Amayi awo anafika 94.