Nyuzipepala Zokulungira Makapu

Indianapolis, 18 Meyi 2006

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko. Ine ndili bwino, kuzizira kwatha.

Mayi Larisa a ku Russia, amene ndimawalelera mwana aja, ndi katswiri wofufuza matenda a mtima. Anapempha boma kuti akhazikike kuno chifukwa cha luso lawolo, koma boma linati umboni wa kutchuka kwawo wachepa. Akanakanidwa akanabwerera kwawo, ine ntchito ndi pogona zikanathera pomwepo.

Ndinakumbukira nyuzipepala zimene amayi awo anakulungira makapu powatumizira. Mayi Larisa anandiuza kalekale kuti nditaye, koma nditaonamo nkhope yawo ndinazisita n'kuzisunga pansi pa matiresi, monga mumasungira makadi a kusikelo. Nditawapatsa anagwira pakamwa.

"Madalo, chinenero chathu suwerenga, unadziwa bwanji?"

Ndinati, "Mayi, kwathu chithunzi cha munthu sititaya."

Loya wawo anazimasuliritsa n'kutumiza ku boma ngati umboni wa kutchuka kwawo, ndipo Lachiwiri lapitali yankho linabwera kuti awalola. Alendo akabwera amawauza kuti ndinawapulumutsa ndine. Ine ndimangothawira kukhitchini, koma ndimamvetsera.

Za mapepala anga okhalira kuno, amene sanalongosokebe, Mayi Larisa sanandifunsebe, nanenso sindinayambitse. Amayi anga musawauze kaye zimenezi.

Ndine mwana wanu,
Madalo